Phunziro 8: Kumva Tisanaweruze

SABATA MASANA

Vesi loloweza: Yakobo 1:19, 20.

Yakobo, mbale wa Ambuye, polembera okhulupirira amene anabalalika pakati pa amitundu, anatchula zinthu zitatu zimene munthu aliyense amayenda nazo: khutu, lilime, ndi mtima umene ukhoza kupsa. Mwa zitatuzi, chimodzi chokha ndicho anachilola kuthamanga, ndicho khutu. Ziwiri zinazo anazilamula kuti ziyende pang'onopang'ono. Ife tinazolowera kuchita mosemphanitsa. Mtima ndiwo umayamba kupsa, lilime nkutsatira, ndipo khutu limafika pambuyo penipeni, nthawi zina maliro ataikidwa kale.

Mlungu uno tiona kuti mkwiyo wambiri umene umapasula mabanja, midzi ndi mipingo umabadwira pamene kumva kwalekezera, ndi kuti chimene chimatseka khutu la munthu kawirikawiri si ugonthi koma kudzikuza. Tidzakhalitsa pa Yoswa 22. Werengani mutu wonsewo lero dzuwa lisanalowe.

TSIKU LOYAMBA: Kumva ndi Kumvera

Tikanena kuti mwana uyu samva, sititanthauza kuti makutu ake ndi ogontha. Chinenero chathu chinamanga kumva, kumvera, kumvetsera, kumvetsa ndi kumvana pa tsinde limodzi. Chihebri nacho chimatero: mau akuti shema, amene atsegula Deuteronomo 6:4, amanena za kumva ndi khutu ndiponso za kuchita chimene wamvacho. Motero pamene Yakobo alankhula za kumva, sakuphunzitsa ulemu wa pamsonkhano wokha. M'ndime 18 wanena za mau a choonadi amene tinabadwa nawo mwatsopano. M'ndime 21 atiuza kuti mauwo alandiridwe ndi chifatso. M'ndime 22 afuna kuti achitidwe. Ndime zathu zoloweza zakhala pakati pa zimenezi. Munthu amene sangathe kudikira kuti mbale wake amalize kulankhula, sadzathanso kudikira kuti Mulungu amalize.

Nchifukwa ninji kumvetsera kuli kovuta chotere? Chifukwa womvetsera avomereza, ngakhale kwa kamphindi, kuti mnzakeyo ali ndi kanthu kamene iye alibe. Namani, kazembe wa nkhondo wa Aramu, anachoka pakhomo pa Elisa atapsa mtima chifukwa anali atakonza kale m'maganizo mwake momwe mneneri anayenera kumuchizira (2 Mafumu 5:11, 12). Khate lake linachoka chifukwa anamvera anthu ochepa mphamvu kawiri konse: poyamba kamtsikana kogwidwa kunkhondo, kenaka anyamata ake omwe. Akadaumirira pa ukulu wake, akadabwerera ku Damasiko ndi ulemu wake wonse, ndi khate lake lomwe.

Werengani Machitidwe 15:6-21. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu, Yakobo analankhula nthawi yanji? Anali atamva ayani asanatsegule pakamwa?

LOLEMBA: Guwa la pa Yordano

Nkhondo yolanda Kanani itatha, Yoswa anaitana ana a Rubeni, ana a Gadi ndi theka la pfuko la Manase, nawadalitsa, nawalola kubwerera kwao kutsidya la kum'mawa kwa Yordano. Amuna amenewa, amene anaoloka mtsinje ali ngati 40,000 (Yoswa 4:13), anasiya akazi, ana ndi ziweto zao kwa zaka zingapo kuti amenyere abale ao nkhondo. Panalibe wokayika za kukhulupirika kwao. Koma atafika pa Yordano anamanga guwa lalikulu, looneka kutali.

Onani mau amene abwerezedwa m'ndime 11 ndi 12. Aisrayeli a ku Silo sanaone; anangomva. Ndipo atamva anasonkhana kuti akamenyane ndi anthu omwewo amene dzulo lake anali kugona nao mumsasa umodzi. Makolo athu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wobweretsa mbiriyo sananame konse, pakuti guwa linalipodi. Anangosiya chinthu chimodzi chimene sakadatha kuchiona ndi maso, ndicho cholinga cha omangawo. Mabodza oopsa kwambiri mumpingo ndi otere, oona pa chochitika koma onama pa cholinga.

Tisafulumire kuwanyoza a ku Silo. Nkhawa yao inali ndi maziko m'Malemba. Deuteronomo 12 analamula kuti nsembe ziperekedwe pamalo amodzi okha, ndipo iwo anakumbukira mliri wa ku Peori ndi tsoka limene Akani anagwetsera mtundu wonse. Mkwiyo wao unali wachipembedzo, ndipo mkwiyo wotere ndiwo wovuta kuuletsa, chifukwa mwiniwake amauyesa changu cha pa Mulungu. Koma lamulo lomwelo limene linaletsa kupembedza konyenga linalamulanso kuti mbiri yotere ikamveka, ayambe afunsa, afufuze ndi kutsimikiza bwino asanasolole lupanga (Deuteronomo 13:12-15).

Anatuma Finehasi mwana wa Eleazara, pamodzi ndi akalonga khumi. Uyu ndi Finehasi yemwe uja wa pa Numeri 25, amene anatenga nthungo m'dzanja lake osayamba wafunsa munthu. Ku Peori tchimo linali poyera, pamaso pa msonkhano wonse. Kuno linali la m'makutu. Kukula kwa munthuyu mu uzimu kuoneka pakuti anadziwa kusiyanitsa ziwirizi, ndipo anapita ku Gileadi wopanda nthungo.

Tinene zoona, mau amene nthumwizi zinayamba nao (ndime 16-20) sanali ofatsa. Zinaimba mlandu wa kupanduka zisanafunse kanthu. Komabe m'kati mwa mau owawawo muli ndime 19, m'mene zinauza abale aowo kuti ngati dziko la kutsidya liwaipira, aoloke adzagawane nao minda ya tsidya lino. Wodzudzula amene ali wokonzeka kutaya munda wake kuti apulumutse mbale, mau ake amamveka mosiyana ndi a munthu amene angofuna kupambana mlandu.

Ulemu waukulu wa mutuwu ugwera oimbidwa mlanduwo. Anali osalakwa, ananenezedwa pamaso pa akulu, ndipo anali asilikali ozolowera nkhondo. Anamvetsera mpaka nthumwi zitamaliza. Sanawerengere abale ao zaka zimene anawamenyera nkhondo. Anaitana Mulungu kukhala mboni, navomereza kuti ngati mlanduwo uli woona ayeneradi chilango, nafotokoza mantha amene anali nao: kuti tsiku lina ana a tsidya lija adzauza ana ao kuti mtsinje ndiwo malire, ndipo alibe gawo mwa Yehova. Guwalo silinali la nsembe. Linali chikumbutso cha ubale. Ife a kuno kwa Kanduku, amene ambiri tili ndi abale kuseri kwa malire ku Zobue ndi m'midzi ina ya chigawo cha Tete, tikhoza kuwamvetsa mantha amenewa kuposa anthu ena. Mzere wolembedwa pa mapu umasandutsa mwana wa mlongo wako kukhala mlendo m'mibadwo iwiri yokha.

Taonani chodabwitsa: mbali zonse ziwiri zinali kuopa chinthu chimodzi, ndicho kupatuka kwa Israyeli pa kupembedza Yehova, ndipo zinatsala pang'ono kuphana chifukwa cha mantha ofananawo. Finehasi atamva yankho anakondwera, osachita manyazi kuti ulendo wake wapita pachabe, nanena kuti tsopano adziwa kuti Yehova ali pakati pao (ndime 31).

Ndi chiti chimakuvutani koposa: kufunsa musanaimbe mlandu, kuyankha mofatsa mukanenezedwa, kapena kukondwera pamene mwapezeka kuti munaganiza molakwa?

LACHIWIRI: Kumene Finehasi Sanatumidwe

Yakobo 3:5, 6 afanizira lilime ndi kamoto kamene kamaliza nkhalango. Sitisowa womasulira. M'miyezi ya September ndi October, mnyamata wofuna mbewa amayatsa kaudzu m'mphepete mwa munda wa kwao. Mphepo ikatembenuka, moto umakwera phiri, numatsikira m'munda wa manachesi umene mwiniwake anausamala zaka khumi. Mnyamatayo sanafune kutentha munda wa munthu. Koma moto sufunsa cholinga cha woyatsa.

Mu January 2016, m'mudzi wa Chimbalanga, kwa mfumu yaikulu Dambe m'boma la Neno, limene kale linali limodzi ndi lathu la Mwanza, mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17. Inali nyengo ya dzinja, pamene mphenzi zimagwa m'dziko lonse. Koma mau anatuluka akuti imfayo inali ya matsenga, ndipo chikhamu cha anthu chinapha nkhalamba zinayi, abale ake a mtsikana yemweyo. Mudzi umene unayenera kukumba manda amodzi unakumba asanu. Chaka chotsatira, kuyambira mu September 2017, mphekesera za anamapopa zinayenda m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi ena, ndipo anthu anaphedwa pongoganiziridwa.

Sitikumba nkhani zimenezi kuti tiloze chala anansi athu. Neno ndi dziko limene uthenga wabwino unafikako kale. Mishoni yathu ya Matandani inatsegulidwa kumeneko mu 1908, ndipo mipingo ya mitundu yonse ili m'midzi yake monga momwe iliri m'midzi yathu. Funso ligwera Akhristu tonse. Chikhamu sichiyamba ndi zibonga. Chimayamba ndi munthu mmodzi wonong'oneza pamaliro kuti imfa iyi si yabwino, wachiwiri wogwedeza mutu, ndi wachitatu wotchula dzina. Pofika kwa wonyamula mwala, mlandu unaweruzidwa kale ndi anthu amene manja ao ali oyera. Lamulo la dziko la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma ife amene timaphunzitsa malamulo khumi tili ndi la chisanu ndi chinayi, ndipo tisaliyese lopepuka kuposa la chinayi.

Masiku ano lilime linasamukira ku zala. Uthenga wa pa WhatsApp wochokera pa boma la Mwanza umafika ku Johannesburg mbale ya nsima isanazizire, ndipo ambiri timautumiza kwa ena tisanafunse kuti unayamba ndi yani. Wotumiza ali mnyamata wa mbewa uja.

Yakobo 1:20 apereka chifukwa chake: mkwiyo wa munthu subala chilungamo chimene Mulungu afuna. Opsa mtima onse amakhulupirira kuti akukonza chinthu. Mose pa Meriba anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira anthu odandaula, koma anapanda thanthwe limene anauzidwa kulankhula nalo, nalankhula mwaukali ndi anthu amene sanauzidwe kuwakalipira (Numeri 20:7-12). Madzi anatulukadi. Kutuluka kwa madziko sikunatsimikize kuti njira yake inali yolungama.

LACHITATU: Minneapolis, 1888

Mpingo wathu nao uli ndi guwa lake la pa Yordano. Msonkhano wa General Conference unachitikira ku Minneapolis, m'dziko la America, kuyambira pa 17 October mpaka pa 4 November 1888, utatsogozedwa ndi msonkhano wa abusa wa mlungu umodzi. Kunali mbali ziwiri. Kwina kunali George I. Butler, mtsogoleri wa mpingo wonse, amene sanabwere chifukwa cha matenda, ndi Uriah Smith, mkonzi wa Review and Herald. Kwina kunali abusa awiri achinyamata ochokera ku California, akonzi a Signs of the Times: A. T. Jones wa zaka 38 ndi E. J. Waggoner wa zaka 33.

Anasiyana pa mfundo ziwiri. Yoyamba inali ya nyanga khumi za pa Danieli 7: kodi umodzi wa maufumuwo unali wa mtundu wa Huns, monga anaphunzitsira Smith, kapena wa Alemanni, monga ananenera Jones? Yachiwiri inali yolemera: kodi lamulo limene Paulo alitcha namkungwi pa Agalatiya 3 ndi la miyambo ya nsembe, kapena ndi malamulo khumi? Akuluakulu anaopa kuti kuvomera chiphunzitso cha Waggoner kudzafooketsa Sabata, panthawi imene nyumba ya malamulo ya America inali kukambirana za lamulo lokakamiza kupuma tsiku loyamba la mlungu. Monga a ku Silo, nkhawa yao sinali yopanda pake.

Koma msonkhano usanayambe, mbusa wina wa ku California analembera Butler kalata yonena kuti Jones, Waggoner, Mayi Ellen G. White ndi mwana wao W. C. White apangana chiwembu chosintha chiphunzitso cha mpingo. Panalidi kukumana kwa abusa kophunzira Baibulo. Chiwembu ndicho panalibe. Nthumwi zambiri zinafika ku Minneapolis makutu atatsekeka kale, ndipo uthenga wa chilungamo mwa chikhulupiriro, umene mpingo unausowa koposa, ena anaulandira ndi chipongwe ndi kuseka m'nyumba zogona. Palibe anatuma Finehasi kukafunsa. Zinatenga mpaka March 1890, pa misonkhano ya ku Battle Creek, kuti onenezedwawo apatsidwe mpata wofotokoza, ndipo ambiri anazindikira kuti anakhulupirira mphekesera. Mu January 1891 Uriah Smith, munthu wachikulire ndi wolemekezeka, anaimirira pamaso pa anzake napepesa chifukwa cha mtima umene anaonetsa.

Achinyamata asawerenge nkhaniyi ngati chigonjetso chao. Jones anali wakuthwa pakamwa, ndipo pa mkangano wa nyanga uja ananyoza Smith poyera kotero kuti Mayi White anamudzudzula. Pa nkhani ya Agalatiya, iwo pambuyo pake analemba kuti namkungwiyo ndi malamulo onse awiri, makamaka malamulo khumi, kusonyeza kuti mbali iliyonse inali ndi kanthu koti imve kwa inzake. Chimene chinawawawa mtima koposa ku Minneapolis sichinali Huns kapena Alemanni koma mzimu wa abale pokangana. Ndipo nchomvetsa chisoni kuti Jones ndi Waggoner, amene anabweretsa uthenga woonawo, pambuyo pake onse awiri anapatukana ndi mpingo, pamene Smith ndi Butler anafera m'katimo. Kukhala ndi mfundo yoona sikumteteza munthu amene sanaphunzire kudzichepetsa.

Werengani Afilipi 2:3-8. Kodi nkutheka kulalikira za Khristu wodzichepetsa ndi mtima wodzikuza? Omvera amatenga chiti, mau kapena mtimawo?

LACHINAYI: Chete Amene Sali Chifatso

Wina adzafunsa: kodi tsono Mkhristu azingokhala duu? Ayi. Yakobo ananena za kuchedwa, sananene za kusalankhula konse, ndipo iye mwini m'mutu 5 adzudzula mwamphamvu eni minda obisa malipiro a antchito. Yesu anayang'ana Afarisi ndi mkwiyo m'sunagoge tsiku la Sabata (Marko 3:1-5). Koma onani kuti mkwiyowo unasanganikirana ndi chisoni, unali chifukwa cha munthu wina wovutika, ndipo unathera m'kuchiza dzanja. Ponyozedwa Iye mwini pamaso pa Pilato, sanadziteteze. Ife timatembenuza: timayaka moto dzina lathu likakhudzidwa, koma timakhala chete wamasiye akamalandidwa munda.

Boma lathu lino limaudziwa chete wa mtundu wina. Pa 18 May 1983, nduna zitatu za boma, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa nyumba ya malamulo a David Chiwanga, anaphedwa pa mseu wa ku Thambani. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Kwa zaka 11 nkhaniyo sinakambidwe poyera, kufikira mu 1994 pamene bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Mtegha linamva mboni, nkupeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa mu 1995, ndipo khoti linamasula Dr Banda ndi anzake amene anaimbidwa mlanduwo. Sitiweruza amene anatseka pakamwa m'zaka zimenezo. Anali ndi ana oti alere. Koma tisautche chete uja chifatso cha Chikhristu. Anali mantha. Ndipo chimene chinabala manthawo ndi nthenda yomweyi imene tikuphunzira, ulamuliro umene unaleka kumva, numayesa funso lililonse kukhala chipanduko.

Nthendayi sikhala m'nyumba za mafumu zokha. Bambo amene mkazi ndi ana ake amazima nkhani akamva mapazi ake pakhonde asanene kuti pakhomo pake pali mtendere. Mkulu wa mpingo amene mfundo zake zimadutsa m'bodi popanda wofunsa adzifunse ngati abale akuvomereza kapena atopa. Akale anati mfumu ndi padzala, kutanthauza kuti wamkulu amalandira zonse, zokoma ndi zonyansa zomwe, osabweza. Miyambo 31:8, 9 atuma mfumu kutsegula pakamwa pake chifukwa cha osatha kudzinenera. Munthu sangathe kulankhulira osauka amene sanakhalepo pansi kuwamvetsera.

Paulo pa Aefeso 4:26, 27 aikira mkwiyo malire a kulowa kwa dzuwa. Ife timadziwa ola la kulowa kwa dzuwa kuposa Akhristu ena onse. Lachisanu timaliyang'anira mpaka pa mphindi yake. Ndi angati a ife amene timalowa m'Sabata zovala zitasitidwa, ndiwo zitapsa, koma mlandu wa m'bale uli chikhalire mumtima kuyambira msonkhano wamisasa wa chaka chatha?

LACHISANU: Za Kukambirana m'Kalasi

Pabwalo la mfumu, wodandaula akamalankhula wodandaulidwa amadikira, ndipo nduna sizigamula zisanamve onse awiri. Ankhoswe nao amadziwa kuti mkazi akabwera yekha usiku ndi madandaulo, mlandu sunayambe kufikira mwamuna atakhala pamphasa. Miyambo 18:13, 17 aphunzitsa chimodzimodzi, ndipo Ambuye pa Mateyu 18:15-17 anaika njira: poyamba awiri okha, kenaka mboni, ndipo mpingo pomalizira. M'mabodi ambiri amene ndakhalamo, nkhani imafika pa sitepe lachitatu isanaponde loyamba, ndipo mwini nkhaniyo ndiye amakhala womaliza kumva kuti dzina lake lakambidwa. Malamulo a mpingo wathu amapatsa membala ufulu wodziwitsidwa ndi wodziyankhira asanalangidwe. Wapampando akamva mlandu, funso lake loyamba likhale lakuti: ndani wa ife amene wapita kukalankhula naye?

Kambiranani izi. Dikoni wina waoneka katatu madzulo akutuluka m'nyumba yogulitsiramo mowa pamsika, ndipo nkhani yafika kale m'gulu la amayi a Dorika. Kodi kalasi lanu lingatume yani, ndipo wotumidwayo akayambe ndi mau otani?

Mayi wokalamba wa mumpingo mwanu, wamasiye, wayamba kutchulidwa m'mudzi pambuyo pa imfa ya mdzukulu wake, ndipo ena mwa onong'onawo amakhala naye pa benchi limodzi tsiku la Sabata. Mungachite chiyani mlungu womwe uno, ndipo mfumu ya mudzi ndi apolisi muwadziwitse pa nthawi iti?